Mzere wa 214

Lolemba ku Leeds, mvula yosadziwa kutsanzika
ikugogoda galasi la nsanjika yachisanu.
Mayi Hargreaves andiponyera ndandanda:
mapulogalamu mazana atatu ndi khumi,
onse aulere, olembedwa poyera ndi anthu osawadziwa,
amene kampani yathu yatsamira ngati khoma la eni.
Akuti, apime onse. Undiuze amene akudwala.

Ndiye ndasanduka dokotala wopanda jakisoni.
Ndimawerenga nyenyezi zimene odutsa anasiya,
madandaulo amene agona panja osayankhidwa,
zigamba zosokedwa mwezi uno,
laisensi ngati ili ndi mano,
ndi funso lija timafunsa monong'ona:
basi itagunda munthu mmodzi, zonse zithera pomwepo?
Wathanzi ndimampaka chobiriwira.
Wotsokomola, chachikasu.

Mzere wa 214 unafiira wokha.
Kapulogalamu kowerengera masiku,
kodziwa chaka chimene Febuluwale amatalika
ndi usiku umene dziko lino limabweza wotchi m'mbuyo.
Miyezi khumi ndi isanu ndi umodzi osakhudzidwa.
Wosamalira: mmodzi. D. Sutcliffe, Todmorden.
Chonsecho malipiro a anamwino zikwizikwi
amadutsa pakhosi pa kanthu kameneka mwezi ndi mwezi.

Kandimverere anakanena za m'maluwa.
Ndinamlembera. Anayankha tiyi wanga asanazizire:
bwera Loweruka, ketulo ilipo.

Nyumba ya miyala yodetsedwa ndi utsi
wa mafakitale amene anatseka ine ndisanabadwe.
Galu wa diso limodzi.
Kompyuta patebulo lodyera,
pakati pa mabotolo a mankhwala a mkazi wake.
Ndinamuonetsa chofiiracho. Anavala magalasi
n'kuseka mpaka galu anadzuka.
“Sikanafe, mwanawe. Ndinakamaliza.
Mpando ukaukhoma bwino, umaupala tsiku ndi tsiku
kuti anthu adziwe kuti ulipo?”

Ndinatsala pang'ono kufufuta.
Koma pothira tiyi dzanja lake linanjenjemera,
sosala n'kudzaza,
ndipo anati, maso ali pawindo:
“Makiyi ndili nawo ndekha.
Panali mnyamata wa ku Recife, anapeza ntchito.
Chaka chatha kunabwera wina, waulemu wonyanya,
wopanda nkhope, wofuna makiyi mwachangu.
Ndinam'kaniza. Kaya ndinalakwa.”
Makampani makumi anayi amamlembera,
kalata iliyonse kuyamba ndi mawu akuti mwamsanga.
Palibe anafunsapo kuti Maureen wagona bwanji.

M'sitima yobwerera, chigwa chili bii,
ndinatsegula ndandanda yanga.
Zobiriwira zija zinandiyang'ana mwaulemu
ngati nsanamira yopaka penti
imene chiswe chinalowa kalekale.
Ndi zingati zikuphukira phokoso chabe?
Ndi zingati zili chete chifukwa zakhuta?
Fomu yanga ilibe danga la dzanja lonjenjemera.
Amati mutu umodzi susenza denga.
Ine ndauona ukusenza, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi,
ife tili m'kati, osanyowa,
tikuupatsa malikisi.

Lolemba chofiira ndinachisiya pomwepo.
Pansi pake ndinalemba pempho:
masana a Lachinayi lililonse mundipatse,
ndikaphunzire kusenza.
Mayi Hargreaves anafunsa kuti ndalama zake
zichokera m'thumba liti la bajeti.
Mpaka lero akufufuza.

Sindinadikire. Usiku, mbale zili m'sinki,
ndinasoka chigamba changa choyamba,
mizere isanu ndi iwiri, manja ali thukuta.
M'mawa yankho linali litafika:
“Chapindika. Waiwala anthu a ku Nepal,
wotchi yawo siyenda ndi ya wina aliyense. Sokanso.”

Makina anamva kugwedezekako.
Pofika masana mzere wa 214 unali wachikasu.
Akuti wodwala wayamba kupezako bwino.